Dengu la Ndiwo Zamasamba Sabata Liri Lonse

Alimi anzathu a cimanga ndi fodya, tonse tidziwa kuti ndalama za fodya zimabwera kamodzi pa caka. Misika ya fodya ku Kanengo, ku Limbe ndi ku Mzuzu imatseguka ca m'mwezi wa Epulo, ndipo pofika Seputembala ambiri a ife timakhala titagulitsa kale mabelo athu onse ndi kubweza ngongole za fetereza. Cimanga naco cimalowa m'nkhokwe kamodzi kokha. Koma mcere, sopo, mafuta ophikira, ndalama ya ku cigayo ndi ya ulendo wa ku cipatala sizidikira nyengo ya fodya ai. Zimafunika sabata liri lonse. Thumba likauma, mlimi amatapa cimanga ca m'nkhokwe nakagulitsa pa mtengo wotsika, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale amakagulanso cimanga comweco pa mtengo wokwera, kapena amasiya munda wace nakagwira ganyu m'munda wa mnzace. Akulu anati, fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo.

M'phunziro lino tifuna kufotokoza njira imodzi yopezera ndalama pang'ono pang'ono caka conse kucokera m'dimba. Njirayo ndi iyi: mlimi apangana ndi mabanja owerengeka kuti sabata liri lonse, pa tsiku limodzimodzi, aziwatengera dengu kapena bokosi la ndiwo zamasamba zongothyola kumene, za mitundu imene yakhwima pa nyengoyo. Wosankha zoika m'dengumo ndiye mlimi, ndipo wogula abvomera kulandira zimene dimba lapatsa.

KUMENE NJIRA IYI INACOKERA

Njira imeneyi si ya dzulo. Ku Japan amai a m'mizinda anada nkhawa ndi mankhwala oculuka amene anali kuthiridwa pa zakudya, ndipo anayamba kupangana ndi alimi maso ndi maso. M'caka ca 1971 kunakhazikitsidwa bungwe lochedwa Japan Organic Agriculture Association, limene linalimbikitsa mapangano otere. Iwo amawacha teikei, ndiko kunena kugwirizana.

Ku America njirayi inayamba m'caka ca 1986 pa minda iwiri: Indian Line Farm ku Massachusetts, pamene panali mai Robyn Van En, ndi Temple-Wilton Community Farm ku New Hampshire. Kumeneko ogula amalipiriratu ndalama za nyengo yonse mbeu zisanafesedwe, motero mlimi amagula mbeu ndi zipangizo wosakongola kwa munthu. Zokolola zikaculuka dengu limadzaza. Zikacepa cifukwa ca matalala kapena cirala, mlimi ndi ogula amagawana kucepako. Ku Britain mlimi wina, Guy Watson wa pa munda wa Riverford ku Devon, anayamba m'caka ca 1993 kupereka mabokosi a ndiwo ku nyumba pafupifupi 30, ndipo nchitoyo inakula mpaka kufikira nyumba zikwizikwi.

M'maiko onsewa muli miyezi ya cisanu imene mbeu zambiri sizikula. Ife amene tiri ndi dimba losauma tingathe kuthyola ndiwo miyezi khumi ndi iwiri yonse. Tsono cimene tiyenera kuphunzira kwa anthuwa si kalimidwe kao, koma pangano lao.

UBWINO WACE NDI KULEMERA KWACE

Amene anapitapo ndi matimati ku Lizulu, ku Tsangano kapena ku Jenda pa nthawi imene ali yense ali nao adziwa cimene cimacitika. Opikula amachula mtengo umene afuna, ndipo mlimi sangakane pakuti matimati akupsa sabwerera ku mudzi. Mlimi wa dengu sakumana ndi bvuto limeneli. Iye amadziwiratu kuculuka kwa ndiwo zimene adzagulitsa asanathyole tsamba ndi limodzi lomwe, sataya tsiku lonse alikukhala pa msika, ndipo ndalama imene akadadya wopikula imalowa m'thumba mwace. Wogula naye amalandira ndiwo za tsiku lomwelo, zocokera kwa munthu amene amdziwa.

Koma tisabise kulemera kwace. Wogulitsa pa msika akasowa ndiwo amangokhala pa khomo, palibe womfunsa. Mlimi wa dengu wamangidwa ndi mau ace. Akalephera masabata awiri otsatizana, banja lija limabwerera ku msika, ndipo limauzanso anzace kuti uje sakhulupirika. Cifukwa cace phunziro lonseli lagona pa funso limodzi: kodi tingacite ciani kuti dengu lisasowe sabata ndi limodzi lomwe?

YAMBANI NDI KUWERENGA MADZI

Musayese citsime kapena mtsinje wanu m'mwezi wa Juni. Uyeseni m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litafika pa ukali wace. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali limamwa pafupifupi malita 50 pa tsiku m'nyengo yotentha, ndiwo makeni asanu a malita 10. M'miyezi yozizira makeni atatu akwanira. Kuti mudyetse mabanja khumi mudzafuna mabedi pafupifupi 25, ndipo mabedi amenewa m'Okutobala adzafuna makeni 125 tsiku ndi tsiku. Funsani tsono: kodi citsime cidzapereka madzi otere? Nanga adzawasenza ndani?

Ngati mulibe pampu yopalasa ndi miyendo kapena ngalande yocokera ku mtsinje, yambani ndi mabanja asanu okha. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Kumbukiraninso kuti kuphimbira mabedi ndi udzu wouma kumasunga cinyontho, ndipo kuthirira m'mamawa kapena madzulo kumacepetsa madzi otayika ndi dzuwa.

Nthaka nayo ifuna cakudya, pakuti bedi la m'dimba silipuma monga umapumira munda wa ku mtunda. Thirani ndowa imodzi ya manyowa oola bwino pa mita iri yonse ya bedi musanabzale. Ndowe zaziwisi za m'khola musathire pa ndiwo zimene ziri pafupi kuthyoledwa; zimaocha mizu, ndiponso zimatenga tizirombo todwalitsa anthu m'mimba.

NDIWO ZA NYENGO IRI YONSE

Dengu labwino liyenera kukhala ndi zinthu za mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi: ndiwo zamasamba za mitundu iwiri, zothira mu ndiwo monga matimati ndi anyezi, cinthu cimodzi colemera monga kabici, dzungu kapena kacewere, ndi kanthu kena kosintha sabata ndi sabata. Mbeu iri yonse iri ndi nyengo yace, ndipo mlimi wanzeru salimbana ndi nyengo.

1. Nyengo yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Iyi ndiyo nyengo yosabvuta. Kabici, repu, mpiru, cainizi, karoti, nsawawa ndi letesi zimakondwa ndi kuzizira. Matimati amacita bwino popeza kulibe mvula yobweretsa matenda. Anyezi afesedwe mu Malici kapena Epulo, akhale pa nazale masabata 6 mpaka 8, ndipo adzakhwima miyezi inai kapena isanu ataokeredwa; podikira mungaike m'dengu anyezi wa masamba. Ku mapiri monga ku Dedza ndi ku Ncheu onjezani kacewere. Koma cenjerani ndi madambo a ku malo okwera, kumene cisanu ca mu Juni ndi Julayi cimaocha matimati ndi nyemba usiku umodzi.

2. Cirimwe, kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Kukatentha mpiru ndi cainizi zimathamangira kucita maluwa, ndipo nsabwe zimaculuka pa repu ndi kabici. Cepetsani mabedi a mbeu zimenezi, ndipo m'malo mwace bzalani zokonda kutentha: bonongwe, therere lobala, mabiringanya, tsabola, zitheba, maungu a nkhwani, ndi cimanga codya caciwisi. Anyezi amene mwakumba muwaumitse pa mthunzi popita mphepo kufikira makosi ace atauma. Otere amasungika miyezi ingapo, ndipo adzakuthandizani m'dzinja pamene mtengo wace wakwera.

3. Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malici. Madimba ambiri amadzala madzi, motero konzani mabedi okwera ku mtunda pafupi ndi nyumba mvula isanayambe. Pa nyengo iyi matimati amagwidwa ciwau ndi matenda ena a masamba. Amene afuna kuwalima awamangirire ku timitengo, acotse masamba a m'munsi, ndi kuphimbira nthaka kuti matope asathovokere pa masamba. Koma musaiwale kuti dzinja ndilo nyengo ya ndiwo za makolo athu: nkhwani, khwanya, citambe, bonongwe, luni, cisoso, denje, kholowa ndi cigwada. Zambiri za izi ziri kale m'munda wanu wa cimanga, ndipo anthu a m'tauni amazilakalaka. Kumapeto kwa dzinja onjezani nkhaka, zipwete, dowe ndi maungu.

Pakati pa nyengo ndi nyengo pamakhala masabata osowa, makamaka pamene dimba lamira koma ndiwo za ku mtunda zisanakule. Mpata umenewu utsekedwe ndi anyezi wouma, mbatata ndi mfutso. Mfutso wofutsidwa mwaukhondo, woumitsidwa pa thandala osati pansi, suli cinthu cocititsa manyazi m'dengu.

FESANI PANG'ONO, FESANI KAWIRIKAWIRI

Apa ndipo pamene alimi a cimanga ndi fodya amalakwa. Tinazolowera kufesa kamodzi, kubzala kamodzi ndi kukolola kamodzi. Tikatero m'dimba, kabici 300 adzakhwima sabata limodzi, ndipo masabata otsatira tidzakhala opanda kanthu. Dimba la dengu lifuna kufesa pang'ono masabata awiri ali onse.

Tiyeni tiwerenge ndi kabici. Mabanja khumi, liri lonse mutu umodzi pa sabata, ndiyo mitu 20 pa masabata awiri. Bedi limodzi la mamita 10, lokhala ndi mizere iwiri yotalikirana masentimita 60 ndi mbande zotalikirananso masentimita 60, limatenga mbande 32. Mwa izi 20 ndi za madengu. Zotsalazo ndi za pa nyumba, za pa msika, ndi zolowa m'malo mwa zofa. Mbande imakhala pa nazale masabata anai kapena asanu, ndipo mutu umakhwima patapita miyezi itatu ciokereni. Ndiko kunena kuti mutu umene mudzapereka mu Ogasiti uyenera kufesedwa mu Epulo, ndiponso kuti nthawi zonse mabedi 7 kapena 8 adzakhala ndi kabici wa misinkhu yosiyana. Ngati malo acepa, ikani kabici m'dengu sabata lina, sabata lina ai.

Mbeu zina ziwerengedwe momwemo, kuyambira pa tsiku lothyola kubwerera m'mbuyo:

Mpiru, repu ndi cainizi: masabata atatu kapena anai pa nazale, kuthyola koyamba patapita mwezi umodzi ciokereni. Bedi limapereka masamba mwezi umodzi kapena iwiri mukamathyola a m'munsi okha. Repu amakhalitsa kuposa mpiru.

Bonongwe: afesedwe pa bedi pomwepo, ndipo athyoledwa patapita masabata anai kapena asanu.

Karoti: saokera; afesedwe m'mizere, apatuliridwe akamera, ndipo akumbidwa patapita miyezi itatu.

Zitheba: kuthyola kuyamba patapita masabata 7 kapena 8, ndipo kumatha msanga, motero bzalani bedi latsopano masabata atatu ali onse.

Matimati: mwezi umodzi pa nazale, zipatso zoyamba patapita miyezi iwiri ndi theka kapena itatu ciokereni, ndipo kuthyola kumapitirira mwezi umodzi kapena kuposerapo. Okerani bedi latsopano mwezi ndi mwezi.

Cimanga caciwisi: pafupifupi miyezi itatu. Bzalani mizere yocepa masabata awiri ali onse.

Masiku awa amasintha malinga ndi mtundu wa mbeu ndi kuzizira kwa malo anu. Cifukwa cace sankhani tsiku limodzi pa sabata lofesera, ndipo lembani m'buku tsiku lofesa, tsiku lookera ndi tsiku lothyola koyamba. Caka cikatha, buku lanulo lidzakuuzani zoona za dimba lanu kuposa phunziro lino.

CENJEZO KWA ALIMI A FODYA

Fodya, matimati, tsabola, mabiringanya ndi kacewere ndi mbeu za banja limodzi, ndipo zimadwala matenda amodzimodzi. Tichule zinthu zinai.

Coyamba, pamene panali nazale ya fodya musabzalepo matimati kapena abale ace, ndiponso pamene panali matimati musaikepo nazale ya fodya. M'nthaka yotere mumatsala timinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu, ndi tizirombo ta nthenda yofotetsa mbeu ngakhale nthaka iri yonyowa. Mukasakaniza malo mudzaononga matimati ndi fodya yemwe. Therere lobala nalo limagwidwa kwambiri ndi timinyongolotsi timeneti.

Caciwiri, nthenda ya mawanga, imene imacititsa masamba a fodya kukhala amawangamawanga ndi okwinyika, imayenda pa manja ndi pa mipeni, ndipo simafa msanga ngakhale m'fodya wouma. Sambani m'manja ndi sopo mukacoka ku cigafa musanagwire matimati. Musasute kapena kununkhiza fodya m'dimba, ndipo mapesi ndi zinyenyeswa za fodya musathire ngati manyowa pa mabedi a matimati.

Cacitatu, gawani dimba zigawo zinai ndi kusinthanitsa mbeu: cigawo ca kabici, repu ndi mpiru; cigawo ca matimati ndi abale ace; cigawo ca nyemba ndi nsawawa; cigawo ca anyezi, karoti ndi cimanga. Banja la mbeu likacoka pa cigawo lisabwererepo kufikira mabanja ena atatuwo atadutsapo.

Cacinai, nazale ya fodya imafuna madzi a m'dimba pa nthawi yomweyo imene madzi acepa, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa. Ndipo kuyambira Januwale mpaka Malici manja onse a pa khomo amakhala pa kuthyola, kusoka ndi kupacika fodya. Ganizirani izi musanapangane ndi munthu. Ngati muona kuti simungathe, auzeni ogula pa ciyambi pomwe kuti dengu lidzayenda kuyambira Meyi mpaka Disembala, ndipo lidzapuma m'miyezi ya fodya. Munthu wouzidwiratu sakwiya.

TIZIROMBO NDI MANKHWALA

Yenderani mabedi m'mawa uli wonse ndi kutembenuza masamba. Mbozi zing'onozing'ono zobiriwira zoboola kabici, nsabwe, ndi mbozi zodula mbande usiku zimagonjetseka zikadali zocepa, pozitola ndi manja kapena kupopera madzi a sopo ndi a masamba a nimu. Akangaude ofiira amakonda matimati pa nyengo yotentha ndi youma. Zulani ndi kutentha mitengo imene yatha kubala, kuti asasamukire pa bedi latsopano.

Pali adani awiri amene makolo athu sanawadziwe. Wina ndi kambozi kochedwa Tuta absoluta, kocokera ku South America, kamene kanafika ku Spain mu 2006 ndi ku maiko a kuno kum'mwera kwa Africa ca m'ma 2016. Kamalowa m'kati mwa tsamba ndi m'cipatso ca matimati, momwe mankhwala safika bwino. Cotsani masamba ndi zipatso zogwidwa ndi kuzikwirira mozama. Winayo ndi nchemberezandonda za mtundu watsopano, zimene zinaononga cimanga kotero kuti mu Disembala 2017 Boma la Malawi linalengeza ngozi m'maboma 20. Cimanga ca m'dimba cimazisunga nyengo yonse ya cirimwe, motero yang'anani m'mitima ya cimanga sabata ndi sabata, mungapereke mbozi ku munda wanu wa m'dzinja.

Za mankhwala ogula tinene mosabisa. Mankhwala a fodya kapena a thonje asathiridwe pa ndiwo. Madzi obviika fodya naonso ndi poizoni. Pa botolo liri lonse loyenera ndiwo pamalembedwa masiku oyenera kudikira kucokera pa kupopera kufikira pa kuthyola. Popeza dengu limacoka sabata liri lonse, poperani bedi mutangothyola kumene, ndipo bedi limenelo lidumphidwe kufikira masiku ace atakwana. Ndiwo zimenezi alikudya ndi ana a munthu amene wakukhulupirirani, ndi ana anu omwe.

TSIKU LOTHYOLA NDI KULONGA

Tsamba likathyoledwa silifa pomwepo. Limapumabe ndi kutaya madzi, ndipo kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Motero thyolani m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo ikani ndiwo pa mthunzi nthawi yomweyo. Zolimba monga kabici, karoti, anyezi ndi maungu zingakonzedwe dzulo lace madzulo. Zamasamba zithyoledwe tsiku lomwelo.

Tsukani ndi madzi a pa mjigo kapena a pa citsime cotetezedwa, osati a m'cithaphwi kapena a mu mtsinje wodutsa m'midzi. Kolera amene anabuka m'Malawi mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700, ndipo madzi oipa ndiyo njira yace yaikulu. Letesi, nkhaka ndi matimati anthu amadya zosaphika. Matimati ndi anyezi wouma musazinyowetse; ingozipukutani.

Polonga, yalani masamba a nthoci pansi pa dengu. Zolemera zikhale pansi, matimati pakati pamene sangaphwanyike, zamasamba pamwamba, ndipo bvundikirani ndi ciguduli coyera conyowa. Matimati akupsa ndi nthoci zakupsa zimaturutsa mpweya umene umasandutsa masamba kukhala acikasu, motero zisagone usiku pamodzi ndi mpiru kapena repu. Sakanizani matimati ofiira ndi ongoyamba kupsa, kuti banja lidye ena lero, ena kumapeto kwa sabata. Musamange ndiwo zamasamba m'jumbo yotseka. Zimacita thukuta ndi kubvunda.

Mipukutu ikhale yofanana sabata ndi sabata ndi nyumba ndi nyumba, pakuti ogula amaonetsana madengu ao. Musabise coola pansi pa cabwino. Banja liri lonse likhale ndi madengu awiri, kuti popereka lodzaza mutenge lopanda kanthu.

OGULA, MALIPIRO NDI BUKU

Ogula oyenera ndi anthu olandira malipiro pa mwezi amene alibe dimba: aphunzitsi, anamwino, akalaliki a pa boma, apolisi, eni sitolo, ndi nyumba zogona alendo. Funani okhala pafupi pafupi, kuti ulendo umodzi wa pa njinga ukwanire onse dzuwa lisanatenthe. Tsiku ndi ora zikhale zosasintha.

Poika mtengo, werengani cimene zinthu za m'dengu zingagulidwe pa msika pa nyengo yoculuka ndi pa nyengo yosowa, ndipo muike mtengo wa pakati, pamodzi ndi kanthu ka ulendo. Fotokozani kwa wogula kuti mu Julayi adzaona ngati alikulipira zambiri, koma mu Febuluwale adzaona phindu lace. Popeza mitengo ya mbeu ndi zipangizo imakwera, panganani kuti mudzaunikanso mtengo miyezi itatu iri yonse.

Kulipiriratu nyengo yonse monga amacitira ku America nkobvuta kwa anthu amene sanakudziweni. Pemphani malipiro a mwezi umodzi pa ciyambi ca mwezi, pamene anthu angolandira kumene, kaya pa manja kaya pa foni. Ngongole isapitirire mwezi umodzi, ngakhale kwa mbale. Lembani m'buku dzina, tsiku, zimene mwapereka ndi ndalama zimene mwalandira, ndipo wogula aone pamene mulikulemba.

Tsoka likagwa, monga madzi osefukira, matalala kapena ng'ombe kuthyola mpanda, tumizani mau tsiku lopereka lisanafike. Ikani cina m'malo mwa cosowaco, kapena cotsani pa mtengo. Mukagula kwa mnzanu kuti mudzaze dengu, nenani kuti mwagula, ndipo mudziwe ngati iye sanapopere mankhwala posacedwa. Mutu umodzi susenza denga: alimi awiri kapena atatu oyandikana, wina wa dimba la m'dambo, wina wa ku mtunda, angathe kusunga pangano limene mmodzi yekha silingamtheke.

DENGU LOYAMBA NDI LA PA NYUMBA PANU

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu azidya ndiwo zamasamba ndi zipatso zosacepera magalamu 400 pa tsiku. Masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe ndi nkhwani, pamodzi ndi karoti ndi maungu ofiira m'kati, amapatsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa ana pa matenda. Nsinjiro kapena mafuta pang'ono zimathandiza thupi kulandira vitamini ameneyu, koma kuphika nthawi yaitali ndi kucurutsa soda kapena cidulo kumaononga mavitamini ena. Nkosayenera kuti ana a m'tauni anenepe ndi ndiwo za mlimi pamene ana a mlimiyo alikudya nsima ndi mcere. Mukawerenga mabanja khumi, werengani khumi ndi limodzi.

Ndiponso m'makomo ambiri wothirira, wopalira ndi wothyola ndiye mai pamodzi ndi ana. Bambo ndi mai akhale pansi nagwirizane za ndalama za dengu lisanacoke loyamba: zingati zogulira mbeu, zingati za pa khomo, zingati zosunga. Dimba limene wolithirira saona phindu lace limauma msanga.

ZOYENERA KUCITA TSOPANO

1. Yendani m'dimba mwanu ndi kukumbukira pamene madzi anafika mu Okutobala wapitayu. Werengani mabedi amene madziwo angathirire.

2. Ikani zikhomo pamene panali nazale ya fodya m'zaka zitatu zapitazi, ndipo gawani malo otsala zigawo zinai.

3. Lembani miyezi khumi ndi iwiri pa pepala, ndipo pansi pa mwezi uli wonse lembani zinthu zisanu zimene mudzaika m'dengu. Kenaka bwererani m'mbuyo ndi kulemba tsiku lofesa ciri conse.

4. Limani miyezi itatu monga ngati muli nao kale ogula, mukudya ndi kugulitsa pa msika. Ngati m'masabata onsewo dengu silinasowe, pitani mukalankhule ndi mabanja asanu.

5. Tengani pepala lanulo kwa Mlangizi wa Malimidwe wa kwanu, kuti akuuzeni mitundu ya mbeu yoyenera dera lanu ndi mankhwala ololedwa pa ndiwo. Pa msonkhano wa kalabu yanu kambiranani funso ili: ndi masabata ati pa caka amene ndiwo zimasowa m'mudzi mwanu, ndipo nciani cimene cikadafesedwa miyezi itatu m'mbuyo kuti zisasowe?